Mipando Yobwereka

Chaka changa choyamba ku yunivesite chinalipiridwa ndi mbuzi za amalume. Anazigulitsa zonse zinayi pa msika wa pa Chonde, ndipo pondipatsa ndalamazo anandiuziratu kuti khola latsala lopanda kanthu, chaka chamawa ndisadzawayang'ane kumaso. Sankanena mwankhanza ayi. Amalume ndi munthu amene amakuonetsa pamene pathera mphamvu zake usanayambe kumudalira. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, mumtima ndikuti za chaka chamawa tidzaziona chaka chamawa chomwecho.

Ndinkaphunzira digiri ya uphunzitsi, mbali ya sayansi ndi masamu. Anthu kwathu kuno akamva kuti mwana wasankhidwa kupita ku yunivesite amaganiza kuti nkhani ndi fizi basi, ukalipira wathana nazo. Sadziwa za kachipinda ka lendi kamene umagawana ndi anzako awiri chifukwa malo ku hositelo anatha, za makala, za kusindikiza ntchito imene aphunzitsi safuna kuilandira yolemba pamanja, za mayunitsi a foni oti uonere zimene atumiza. Ndalama za mbuzi zinatha semesita yachiwiri isanafike pakati. Zotsalazo amayi anakatenga ku banki m'khonde, ndipo ngongoleyo inali isanathe pamene ndinabwera ku holide.

M'kalasi mwathu munadzaza amuna. Ambiri anali abambo akuluakulu ndithu, aphunzitsi a ku pulayimale amene anabwera kudzawonjezera maphunziro, ena imvi zili mbuu. Iwowa pakutha pa mwezi ankalandira malipiro, ngakhale ankadandaula kuti banki imakhala itadula kale mbali yake. Ena anali anyamata a m'tauni amene ankafuna udokotala koma mapointi anawakana, ndipo ankanena poyera kuti choko sadzachigwira, akungodikira kuti khomo lina litseguke. Atsikanafe tinkakwana pa mzere umodzi wa kutsogolo n'kutsalanso malo oika zikwama. Mwa ife, mwana wa mayi wothyola tiyi ndinali ndekha, kapena mwina analipo ena koma ankabisa monga ndinkabisira ine. Akandifunsa kuti amayi amagwira ntchito yanji ndinkati ali ku kampani ya tiyi, n'kumusiya wofunsayo aganize yekha za ofesi.

Amayi analibe ofesi. Anali ndi dengu lakumsana ndi pulasitiki yodzikulunga m'chiuno poopa mame, ndipo ntchitoyo inali ya nyengo: mvula ikasiya, masamba akachepa, esiteti inkawapumitsa mpaka mvula ina. Abambo anawoloka malire kupita ku Mozambique ndili Sitandade 3 ndipo sanabwerenso. Tinkakhala awiri m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, yofolera udzu. Chuma chathu chinali mphasa ziwiri, kampando kamodzi, ndi thadzi limodzi la nkhuku limene linkagona kuseri kwa chitseko.

Chakumapeto kwa chaka choyambacho pa bolodi la zidziwitso panamatidwa pepala. Bungwe lina linkafuna kuthandiza atsikana ophunzira uphunzitsi wa sayansi, ati chifukwa akazi otuluka ndi digiri imeneyi ndi ochepa, ndipo atsikana ku sekondale amakula osaonako mayi ataimirira kutsogolo akuphunzitsa masamu. Ankalipira fizi yonse mpaka kumaliza, ndi kangachepe kodyera. Malo anali ochepa, ndipo ankasankha kuchokera m'makoleji angapo. Mayankho anga ndinawalemba katatu pa pepala lina ndisanakhudze fomu yeniyeniyo. Ndinkadziwa kuti akandikana sindibwereranso kusukulu. Ndikanatsala ndi chaka chimodzi cha digiri, chimene sichigula ngakhale sopo.

Mtsikana wina wa chaka chachitatu, amene anali kale pa thandizolo, anandikokera pambali. Anati fomu ndi chiyambi chabe. Amatumiza munthu kudzaona kwanu ndi maso ake, atanyamula pepala la mafunso: denga ndi lamalata kapena laudzu, muli ndi wailesi, njinga, ziweto, mumadya kangati. Anandiuza za mnzake amene anamanidwa chifukwa tsiku limenelo mlamu wake anaimika njinga yamoto pabwalo atabwera kudzazonda matenda. Kaya zinali zoona kaya zokokomeza, ine nkhaniyo inandilowa m'mutu n'kukhala momwemo.

Foni inalira mu Julayi, ndili kumudzi, ndikusenda chinangwa cha makaka. Mawu a mayi wina wa ku bungwe lija anati adzabwera Lachinayi, ndikamuchingamire pa Chonde m'mawa.

Madzulo ake ndinawauza amayi. Funso lawo loyamba linali loti mlendoyo adzadya chiyani. Lachiwiri linali loti adzakhala pati. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana a Fomu 1 masiku ano, kuti uyu si mlendo wamba, akubwera kudzaona ngati tilidi osauka, ndiye chilichonse chikhale mmene chilili. Iye adzakhale pa kampandoko, ife pamphasa. Ngati n'kudya, adzadye nyemba za kalongonda ndi chinangwa chimene tikudya ifeyo.

Amayi anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati chibadwire sanamvepo kuti munthu wochokera ku Blantyre, wovutika ulendo wonsewo chifukwa cha mwana wawo, angapatsidwe kalongonda ngati mlamu wa tsiku ndi tsiku. Anati kwathu kuno ngakhale wodutsa m'njira amamupezera pokhala pabwino, nanga anthu a pamudzi adzati chiyani akadzamva kuti mlendo wa ku ofesi anamukhazika pa kampando kothyoka mwendo. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinakweza mawu, ndinafunsa kuti anthu a pamudziwo ndi angati amene anaponyapo ngakhale kobiri pa fizi yanga. Tinakangana mpaka moto unazima m'mafuwa. Pomaliza anati, "Chabwino, ndamva," ndipo ine, wophunzira wa ku yunivesite, ndinakhulupirira.

Lachitatu lonse ndinawalonda. Sanasunthe kanthu m'nyumba. Anapita kudimba, anabwerako, kenako anakacheza pang'ono pa nyumba yamalata yoyandikana nafe, ya akapitawo a ku esiteti opuma ntchito, amene mkazi wawo ndi mnzawo wa amayi wa kutchalitchi. Ndinaona ngati n'kucheza kwa masiku onse.

Lachinayi kunacha ndi chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, kamvula kowaza kaja kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa. Ndinafika pa Chonde seveni isanakwane. Minibasi iliyonse yochokera ku Blantyre ndinkaithamangira n'kumasuzumira pawindo ngati wogulitsa nthochi, mpaka makondakitala anayamba kundiseka kuti achemwali, amuna anuwo sabwera, kwerani mukawatsatire. Naini inadutsa, teni inadutsa. Foni ya mayi uja inkangolira osayankhidwa. Ndinayamba kuganiza kuti asintha maganizo, kuti mayina akwana kale ndipo sanaone chifukwa chondiuzira. Za kunyumba sindinaziganizireko n'kamodzi komwe, chonsecho amayi ndinali nditawapatsa maola asanu athunthu ali okha.

Anatsika thwelofu ili pafupi, mayi wamfupi, wa juzi yakuda ndi chikwama cha nsalu paphewa. Anapepesa kuti anayamba waima pa Luchenza kukaona kwawo kwa mtsikana wina. Nditamva zimenezo, ndikuvomera kuti ndinafunira mtsikana wosamudziwayo nyumba yamalata. Mlendoyo sanali wolankhulalankhula. Tinakwera kabaza mpaka pamene msewu wa esiteti umathera, kenako tinayenda pansi.

Fungo ndi limene linandipeza poyamba, tisanakhote pa nthochi za amalume: anyezi, mafuta, nyama yokazinga. Kwathu mafuta ophikira tinali titawaiwala kuyambira Isitala. Ndinadziuza kuti ndi kwa akapitawo. Kenako ndinaona bwalo lathu litasesedwa mpaka kunjira, ndi nthenga zofiirira padzala.

Pakhomo panali katani yoyera ya maluwa. M'kati, m'chipinda chimene m'mawa ndinasiyamo mphasa ndi ndowa, munali mipando itatu ya sofa, yofiira, yothinana moti mawondo ankagunda tebulo. Patebulo panali nsalu yoluka, matambula agalasi ndi fulasiki. Pakhoma wotchi yaikulu, pawindo wailesi. Zonsezo ndinkazidziwa bwino, ndinakula ndikuziona pabalaza pa akapitawo, pamene anafe tinkaloledwa kufika pakhomo pokha. Amayi anatuluka kuchipinda atavala chitenje chatsopano chosachapa ndi nsapato zakuda, akumwetulira. Kuseri, kukhitchini, mkazi wa akapitawo ndi amayi ena awiri a kutchalitchi ankapakula mpunga.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamutembenuza mlendoyo n'kubwerera naye pa Chonde. Ndinayesa kukumana maso ndi amayi koma anandizemba. Anagwada pakhomo, anapereka moni wautali, anafunsa za ulendo, za kunyumba, za ana, kenako anamulowetsa mlendo n'kumukhazika pa mpando wapakati. Kunena zoona, sindinawaonepo amayi atakongola ngati tsiku limenelo, ndipo sindinawakwiyirepo ngati tsiku limenelo.

Chakudya chinabwera mafunso asanayambe, chifukwa amayi sakanalola kuti munthu alankhule za ntchito ali ndi njala. Anamuthirira okha madzi ofunda m'manja, anaika mpunga wa mafuta, nkhuku ndi tiyi wa mkaka, kenako anatuluka kuti mlendo adye momasuka, n'kundisiya ine kuti ndimuthandize. Mlendo anadya bwino ndithu, osafulumira, maso akuyendayenda m'chipindamo. Ine mpunga ndinkangougwiragwira. Ndinkawerenga mumtima zimene akuona: mipando, wotchi, wailesi, nyama Lachinayi masana. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndimunong'oneze, koma nthawi zonse katani inkagwedera, wina n'kulowa kudzafunsa ngati mchere wakwana. Nyama imene inali m'mbale mwanga inali ya thadzi lathu, limene linali litangoyamba kumene kuikira.

Atasamba m'manja anatulutsa pepala ndi cholembera. Pepalalo analiika pabondo atalipendeketsa, moti pamene ndinakhala sindinkatha kuwerenga. Amayi anabwera kudzakhala kunsonga kwa sofa, osatsamira, manja ali pa mawondo. Azimayi atatu aja anakhala pakhonde, kuseri kwa katani, pamene ankamva zonse.

Mafunso oyamba anali osavuta: ana ndi angati, munda ndi waukulu bwanji, ntchito ya tiyi imakhala miyezi iti. Atafunsidwa za abambo, amayi anati ali ku ntchito ku Mozambique. Ndinatsokomola, koma palibe anandiyang'ana.

"Amayi, pakhomo pano mumadya kangati pa tsiku?"

"Katatu," anatero amayi. "M'mawa tiyi, masana, madzulo. Njala kuno ayi, Mulungu amatikumbukira."

Cholembera chinayenda.

"Ziweto muli nazo?"

"Nkhuku zilipo. Zapita kukadya kuthengoko."

"Nanga wailesiyi ndi yanu?"

"Ili m'nyumba mwanga, mayi."

Cholembera chinayendanso. Ndinkadziona kale mu Disembala ndili kumbuyo kwa amayi pa mzere wa tiyi, dengu kumsana, anzanga akulemba mayeso. Ndinkaganiza za abambo a imvi aja amene adzavale mikanjo ya digiri, ndi anyamata aja amene safuna n'komwe uphunzitsi, onse akumaliza, ine amene ndinkaufuna ndi mtima wonse nditatsalira pa mipando itatu ya eni ake.

Funso lomaliza linali loti kodi alipo wina amene angathe kulipira fizi chaka chino. Ndinawayang'ana amayi ndikupempha ndi maso. Amayi anayang'ana pansi pa katani, pamene pankaoneka mapazi a anzawo.

"Mwanayu sitinamusowetsepo kanthu," anatero. "Abale alipo, timagwirana manja."

Mlendo anatulutsa kabokosi ka inki, n'kupempha kuti amayi adinde chala pansi pa pepala potsimikiza kuti zimene zalembedwa ndi zoona. Amayi anapukuta chala chachikulu pa chitenje n'kutambasula dzanja. Pamenepo ndinaimirira, bondo langa n'kugunda tebulo mpaka matambula analira.

"Madamu, musatumize zimenezo. N'zabodza zonse."

Ndikanalekera pomwepo mwina zikanapepukako. Koma pakamwa panga pakatseguka sipatsekeka msanga. Ndinaloza mipando, ndinati ndi ya kwa akapitawo. Ndinaloza wotchi, wailesi, matambula, katani. Ndinati chitenje avalachi si chawo, nsapatozi si zawo, taonani mmene zikuwakhwepera. Ndinati abambo sali ku ntchito, anatithawa, ndipo chichokereni sanatumizepo ngakhale moni. Ndinati timadya kamodzi, masiku ena kawiri chinangwa chikakhalapo, ndipo nkhuku mwadyayi inali imodzi yomweyo, kuthengo kulibe ina. Ndinakoka nsalu ya pa khomo la kuchipinda kuti aone mphasa zathu zitapindidwa pakona, ndowa yokingira madzi denga likamadontha, ndi thumba la ufa litagona pansi lopanda kanthu. Zonsezi ndinazinena mokweza, ndikudziwa bwino kuti pakhonde pali anthu.

Nditamaliza, wotchi ya akapitawo yokha ndi imene inkamveka. Dzanja la amayi linali likadali m'malere. Analankhula mwachidule m'Chilomwe, chimene amalankhula akamapemphera okha kapena pamaliro, kundiuza kuti ndikhale pansi. Ndinakhala. Pakhonde ndinamva anthu akudzuka mwakachetechete, mapazi akulowera kukhitchini.

Mlendo sanafufute chilichonse pa pepalalo, sanawonjezere chilichonse. Anagwira dzanja la amayi, anadinditsa chala, anapinda pepala n'kuliika m'chikwama. Ndinaona kuti ndataya zonse ziwiri: amayi ndawayalutsa, ndipo pepala lapita mmene linalili. Amayi anadzuka, anavula nsapato zija n'kuziika bwinobwino pambali pa chitseko, anapita kuseri osavala, n'kubwerako ndi zinanazi ziwiri zomanga ndi luzi. Anagwada, anamupatsa mlendo, anamuthokoza chifukwa chodzationa, anamuperekeza mpaka pa nthochi paja.

Mlendoyo anakana kuti ndiitane kabaza, anati tiyambe tayenda. Tinadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi, kamvula kakuwazabe. Ine ndinkalira mosabisa, misozi ndi mamina, ndikupempha kuti alembenso pepala lina, kapena abwerenso tsiku lina osatiuza. Anandisiya ndilire mpaka pa kamlatho ka matabwa. Pamenepo anaima, anatsegula chikwama, n'kundipatsa pepala lija kuti ndiwerenge ndekha.

Pa denga analemba udzu. Pa wailesi, palibe. Pa mipando, palibe. Pa ziweto, palibe. Pa chakudya analemba kamodzi kapena kawiri, pa bambo analemba kuti sathandiza. Pansi, m'bokosi la ndemanga, analemba kuti mtsikanayu akapanda kuthandizidwa sabwerera kusukulu. Zonsezo anali atazilemba ndisanatsegule pakamwa, chifukwa pamene ndinkaimirira cholembera chinali chitalowa kale m'chikwama.

Anandiuza kuti ntchitoyi waigwira zaka zambiri, ndipo nyumba zimene salandiridwa ndi katundu wobwereka ndi zowerengeka. Miyendo ya sofa inali ndi matope a tsiku lomwelo. Msomali wa wotchi unali watsopano, dothi la khoma lili pansi pake. Pakhomo pa nkhuku zambiri pamaoneka, ngakhale musese bwanji. Zala za amayi anaziona pamene ankamuthirira madzi, zakuda, zong'aluka, ndipo thumba la ufa analiona kalekale pampata wa nsalu. Anati mafunso amafunsa chifukwa ali pa pepala, koma mayankho amatenga ndi maso.

"Ndiye bwanji simunandiletse?" ndinafunsa.

"Munandipatsa mpata?" anatero. Anatenga pepala lake n'kulipinda. "Mayi akamanena pamaso pa anzake kuti mwana wake sagona ndi njala, ine sindimutsutsa. Ndimadya nkhuku yake, n'kulemba zanga. Mukanangokhala chete, achemwali."

Sanandilonjeze kanthu, anati osankha ndi ena. Pamsewu anakwera kabaza, zinanazi zili pamiyendo, ndipo sindinamuonenso.

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono, ndikukonza mawu opepesera, ndipo onse ankandimvekera opepuka. Ndinafika chakumadzulo. Katani inali itachotsedwa, wotchi itatsika, tebulo litapita. Amayi ndinawapeza akutuluka ndi mpando womaliza atausenza pamutu, okha, atavala chitenje chawo chakale. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa anathandizana anthu anayi kunyamula katunduyo, akuseka. Madzulo sanaitane aliyense. Ndinathamanga kuti ndigwire miyendo ya mpandowo, anati ndisiye. Ndinawatsatira m'mbuyo manja ali lende.

Kwa akapitawo anautula pakhonde, anagwada, anathokoza. Mkazi wa akapitawo sanawayang'ane kumaso. Anangoti, "Pepani anzanga, ana a masiku ano," kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale ka ufa. Zaka zonse zimene anakhala moyandikana, amayi anali asanalandirepo ufa pakhomo limenelo. Ankapemphana mchere ndi moto ngati anthu ofanana, ndipo aliyense ankadziwa za mnzake koma osazitchula. Amayi anayang'ana kambaleko kanthawi, kenako anakalandira ndi manja awiri.

Pakati pa nyumba ziwirizo anaima, osatembenuka.

"Alemba?"

"Alemba."

"Kuti ndife osauka?"

"Eya, Amayi."

"Ndiye upita kusukulu. Koma akadzabweranso mlendo wako wina, udzandiuze msanga, ndidzachoke. Uzidzawalandira wekha mmene umadziwira."

Zimene anandiuza mlendo pa kamlatho zinali pamlomo. Ndikanatha kuwauza kuti pepala linali litalembedwa kale bwino, kuti mlendoyo sanawaone ngati abodza, kuti kulandira kwawo sikunawononge kanthu. Koma kutero kunali kuvomera kuti ndinawayalutsa pachabe, ndipo ndinaopa. Ndinawasiya akhulupirire kuti manyazi awo ndi amene ananditsegulira njira. Ndinkati ndidzawauza mawa, zikazizira, ndipo mawa lake silinafike mpaka lero.

Uthenga unabwera mu Ogasiti kuti anditenga. Zaka zitatu zotsalazo ndinaphunzira popanda kuwerengera za fizi. Tsiku lolandira digiri mzere wathu wa sayansi unali wa majekete ndi mataye, akazife apa ndi apo. Awiri mwa atsikana a mzere wa kutsogolo uja panalibe, wina anasiyira panjira chifukwa cha ndalama, wina banja linamuletsa. Amayi anabwera, chifukwa kumeneko mlendo anali iwowo, ndipo dzina langa litatchulidwa analuluta mpaka anthu anacheuka.

Tsopano ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera, cha ku Mission. Amayi anasiya kuthyola tiyi, ndipo timachezerana bwino, timaseka, timakanganabe ngati kale. Koma mawu aja anawasunga. Anzanga a ku koleji atabwera kudzandiona pa holide ina, amayi anali atapita kuchigayo ndi chimanga chosakwana ndi ndowa yomwe. Mnzanga wina wa ku Boma atabwera ndi mwana wake wakhanda, amayi anakumbukira kuti kuli matenda kutsidya kwa mtsinje.

Mwezi watha ahedi athu ndi aphunzitsi awiri anafuna kudzawapatsa moni amayi atamva kuti mwendo wawavuta. Sindinawauze amayi, mwadala, poganiza kuti zaka zapita ndipo munthu wodwala sangathawe. Atamva galimoto ikuima kunjira anandiyang'ana kamodzi, anatenga khasu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba akutsimphina. Alendo anadikira ola lathunthu, kenako anasiya shuga ndi sopo n'kutsanzika. Nthawi yonseyo ndinkawauza kuti amayi angotuluka pang'ono, abwera posachedwa, ndikudziwa kuti sabwera mpaka galimoto itachoka.